Nkhokwe Yomera Miyendo

Mu 1935, maiko ambiri atayamba kale kupanga kanema wolankhula, munthu wina wa ku Russia, Aleksandr Medvedkin, adatulutsa filimu yopanda mawu yotchedwa Schastye, ndiye kuti Chimwemwe. Ndi filimu yoseketsa, koma nthabwala zake zidabadwira m'njala. Poyamba penipeni timaona mlimi wosauka dzina lake Khmyr, mkazi wake Anna ndi nkhalamba ya pakhomopo atakangamira pampanda, akusuzumira pakabowo kuti aone mwinichuma woyandikana nawo akudya. Mwinichumayo satambasula n'dzanja lomwe. Wangokhala phee, kukamwa kuli yasa, timikate tikudzinyamula tokha m'mbale n'kumakalowa m'kamwa mwake kamodzikamodzi. Nkhalamba ija njala itaikola, ikwera mpanda kuti ikabeko, ndipo imfa iipeza komweko. Maliro atatha, Anna atulutsa mwamuna wake pakhomo, kumuuza kuti apite akafune chimwemwe ndipo asayerekeze kubwerako chimanjamanja.

Ine kwathu ndi ku Majaua, m'boma la Milange, kumene mtsinje wa Ruo umatisiyanitsa ndi Malawi pamapu pokha. Pamaliro, paukwati ndi pamsika timakhala amodzi, m'thumba muli metikali ndi kwacha zosakanikirana. Kuzizira kwa ku Russia sitikudziwa, ndipo kavalo ambiri a ife tidangomuona pachithunzi. Koma mwa mafilimu onse amene ndaonapo, a ku America, a ku India, a ku Nigeria, palibe imene idafika pafupi ndi khomo la kwathu kuposa filimu yakale imeneyi, ya zithunzi zakuda ndi zoyera, yopangidwa ndi anthu amene Zambézia sankaidziwa n'komwe. Imaima kumbali ya mlimi ndi kuseka naye limodzi. Ndipo poti ilibe mawu, imasiyira oonera malo oti aikepo awo.

Kanema amene ife tidakula naye ndi wa m'vidiyo sho: kanyumba ka pamsika, mabenchi a matabwa, khomo lotchinga ndi chiguduli, sipika ili panja kuitana anthu. Mafilimu ake amaoloka Ruo m'mamemori khadi, atamasuliridwa kale m'Chichewa ndi madijeyi a ku Malawi. Dijeyi mmodzi amalankhula mawu a anthu onse, mfumu, mkazi wake, mbava ndi wapolisi, n'kuthiramo zakezake, mpaka munthu wa ku Hong Kong kumadandaula za mtengo wa feteleza. Luso limeneli ndimalipatsa ulemu, chifukwa latsegulira khomo anthu amene Chingerezi ndi Chipwitikizi zidawalambalala. Komabe m'chipindamo wolankhula amakhala mmodzi, enafe timangotsatira. Iye akaseka, ifenso tiseka. Filimu yopanda mawu imachita zina. Pakangopita mphindi zochepa aliyense wayamba kulankhula, uyu akulosera zimene zichitike, uyo akulangiza munthu wa pachithunzi, winayo akumupatsa dzina la mnansi wake. Nkhaniyo amaimanga ndi onse amene ali pomwepo.

Ku Russia nakonso zidayamba motero. Zithunzi zoyenda zidafika kumeneko mu 1896, chaka chimene anthu a kampani ya Lumière ya ku France adajambula mwambo wolonga ufumu Tsar Nicholas II. Filimu yoyamba ya sewero yopangidwa ndi eni dziko, Stenka Razin, idatuluka mu 1908 kuchokera kwa Aleksandr Drankov, ndipo posakhalitsa Aleksandr Khanzhonkov adakhala mwini kampani yaikulu ya kanema ku Moscow. Kalembera wa 1897 adasonyeza kuti mwa anthu anayi aliwonse a mu ufumuwo, pafupifupi atatu sankatha kuwerenga. Tsono mawu olembedwa amene ankaoneka pakati pa zithunzi, wodziwa kuwerenga ankawerengera anzake mokweza. Kutsogolo kunkakhala woimba piyano, zala zake zikutsatira liwiro ndi chisoni cha nkhaniyo, ndipo m'malo ena kunali anthu obisala kuseri kwa nsalu, olankhula m'malo mwa osewera. Madijeyi athu ali ndi makolo awo akalekale amene sadawaonepo.

Anthu a ku Russia a nthawi imeneyo ankakonda mafilimu othera pa imfa ndi misozi, moti makampani ena ankajambula mathero awiri, achisoni a kwawo ndi achimwemwe otumiza kunja. Komabe nthabwala zinalipo, ndipo imodzi mwa zoyambirira njodabwitsa mpaka lero. Ladislas Starevich, mwana wa makolo a ku Poland, ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo zachilengedwe ku Kovno, mzinda umene lero ndi Kaunas ku Lithuania. Ankafuna kujambula zikumbu zikumenyana, koma nyale zikangoyaka ndewu inkathera pomwepo. Ndiye adatenga zikumbu zakufa, nazilumikiza miyendo ndi timawaya, n'kumazisuntha pang'onopang'ono, kusuntha kulikonse chithunzi chimodzi. Mu 1912, ali kwa Khanzhonkov, adatulutsa filimu yaifupi yonena za wojambula kanema wobwezera chipongwe. Bambo Chikumbu atsanzika kunyumba kuti akupita ku tauni, chonsecho akukakumana ndi tombolombo wovina m'malo achisangalalo. Chiwala chimene achilanda chibwenzicho ntchito yake ndi yojambula kanema. Chiwatsata panjinga, kamera ili kumbuyo, n'kuwajambula pakabowo ka kiyi. Kunyumba nako mayi Chikumbu ali ndi wawo. Bambo atawapezerera akalipa, kenaka akhululuka modzitukumula, n'kutenga mkazi wawo kuti akaonere kanema. Woonetsa kanema usiku umenewo ndi chiwala chija. Mapeto ake ndi ambulera pamutu, moto, ndi banja lonse m'chitokosi.

Chaka chotsatira, 1913, Pyotr Chardynin adajambula Domik v Kolomne kuchokera pa ndakatulo ya Pushkin. Ivan Mozzhukhin akusewera msilikali amene wavala zachikazi n'kulembedwa ntchito yophika panyumba ya mayi wamasiye, cholinga azikhala pafupi ndi mwana wamkazi wa mayiyo, mpaka tsiku limene ampeza akumeta ndevu. Kudalinso Antosha, munthu wa m'mafilimu aafupi amene ankaseweredwa ndi Antoni Fertner, yemwe mu filimu ya 1916 amaululika chifukwa cha chovala cham'kati cha mkazi wina chotsalira m'nyumba. Izi zimaseketsa, ndipo ku Majaua zingaseketsenso, pakuti milandu ya chibwenzi chamseri sisowa pabwalo la amfumu. Koma ndi nthabwala za anthu okhuta, za m'nyumba za makatani. Wa khasu mulibemo. Mafilimu ambiri a nthawi ya ufumuwo adatayika, otsalawo adakhala otsekeredwa zaka zambiri, ndipo anthu akunja adawaona bwino mu 1989 pa chikondwerero cha mafilimu opanda mawu ku Pordenone, m'dziko la Italy.

A Bolshevik atalanda dziko mu 1917, ndi kusandutsa makampani a kanema kukhala a boma mu 1919, kanema adapatsidwa ntchito yophunzitsa anthu. Nthabwala sizidafe ayi. Lev Kuleshov mu 1924 adaseka mantha a munthu wa ku America, Mr West, wofika ku Moscow akuyembekeza kukumana ndi zilombo. Igor Ilyinsky adakondedwa kwambiri atasewera telala wa ku Torzhok wosakasaka tikiti yake yamwayi, mu filimu ya Yakov Protazanov ya 1925. Koma amene amandigwira mtima ndi Boris Barnet ndi filimu yake ya 1928, Dom na Trubnoy. Mtsikana wa kumudzi, Parasha, wafika ku Moscow atanyamula bakha. Bakhayo ampulumuka m'manja n'kuthamangira panjanji ya m'misewu ya mumzinda, iye amtsata, sitima ya magetsi ikubwera. Chithunzi chiima njii, kenaka filimu ibwerera cham'mbuyo kuti itifotokozere kumene bakhayu adachokera. Parasha amakathera pantchito ya m'nyumba kwa wometa tsitsi amene adamsankha chifukwa sali m'bungwe la antchito, ndipo amatsuka, kuchapa ndi kunyamula katundu mpaka usiku, mayi wapanyumbapo ali gone. Ndi ana aakazi angati a kwathu amene adakwera galimoto kupita ku Mocuba, ku Quelimane kapena ku Blantyre atalonjezedwa sukulu, n'kukathera pasinki ya munthu? Barnet amatiseketsa ndi bakha kuti tipeze mphamvu zoyang'anira zinazo.

Schastye ndidaionetsa kwathu madzulo ena m'nyengo yachisanu, chimanga chitalowa m'nkhokwe. Ndidakaikopera pa intaneti ku Milange, kompyuta tidaitchaja pamsika, pakuti Majaua adali ndi mwayi wa magetsi ochokera ku makina a madzi a pa Ruo amene bungwe la FUNAE lidakonzanso. Tidaiika pampando pakhonde la atsibweni anga, anthu atakhala pamphasa, ana kutsogolo. Mawu olembedwa akaoneka ndinkayesa kumasulira, koma anganga adandidula msanga.

"Takhala chete iwe. Maso tili nawo."

Adanena zoona, ndipo kuyambira pamenepo filimuyo idakhala yawo. Khmyr ali paulendo wake apeza wansembe ndi sisitere akulimbirana chikwama cha ndalama pamlatho, ndipo chikwamacho chithera m'manja mwake. Agula kavalo wa mawangamawanga, waulesi wosaneneka, amene njala ikamgwira amadya udzu wa padenga la nyumba. Ana adagubuduzika ndi kuseka. Munda wa Khmyr uli paphiri lotsetsereka moti munthu sangaime mowongoka, ndipo kavaloyo akana kukoka pulawo. Apa Anna adzimangirira yekha zingwe za kavalo n'kuyamba kukoka. Ana ankasekabe, koma kumphasa ya amayi kudangoti zii. Azakhali anga, amene amadzuka nkhuku zisanatsike n'kubwera kumunda dzuwa lili paliwombo, mwana kumbuyo, mtolo wa nkhuni pamutu, adangoti, "Mayi ameneyo ndikumudziwa ine." Anna atagwa ndi kutopa, Khmyr amuikira maluwa n'kuyamba kumuimbira akodiyoni. Anganga adaomba m'manja mokwiya: "Maluwa adya? Tampatsani madzi, bambo inu!" Kuseka kudabwereranso, koma tsopano kudali kwa mtundu wina, amayi akuyang'ana amuna awo cham'mbali, amunawo akuseka atazolika.

Chaka chimenecho Khmyr akolola zochuluka, ndipo iye ndi Anna avina. Posakhalitsa alendo ayamba kufika, wansembe, mkulu wa boma, msilikali, mwinichuma uja, aliyense ndi ngolo kapena thumba, aliyense ndi chifukwa chake chomveka. Pofika madzulo pabwalo pali mbee. Usiku kubwera mbava ziwiri, zithyola maloko a bokosi la m'nyumba movutikira, zipeza mulibe kanthu, ndipo chisoni chitazigwira zimusiyira Khmyr kandalama. Pamenepa atsibweni adaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe.

Sindidafunse chimene chidawaseketsa motero, chifukwa mbiri ya dera lathu imayankha yokha. Makolo athu adalima thonje mokakamizidwa ndi Apwitikizi kuyambira cha m'ma 1938, n'kumaligulitsa pamtengo woikidwa ndi wogula, minda ya chakudya ikumera thengo. Amuna ankagwidwa kupita ku chibalo, ena kuminda ya tiyi ya ku Milange ndi ku Gurué, ena kumisewu. Msonkho sunkayang'ana ngati mvula idagwa. Alomwe ambiri adathawa zimenezi n'kuolokera ku Nyasaland, kumene adakapeza thangata akuwadikira m'maesiteti a ku Mulanje ndi ku Thyolo. Chibalo ndi thonje lokakamiza zidathetsedwa palamulo mu 1961, anganga ali kale ndi ana. Munthu wa mbiri yotere safunika womasulira akaona ngolo zikutuluka pakhomo la mlimi zitadzaza.

Chigawo chimene ine ndimachiyesa chachikulu m'filimu yonseyi chimabwera pambuyo pake. Khmyr wataya mtima, aganiza zongofa, ndipo ayamba kudzikhomera yekha bokosi la maliro. Nkhani itamveka, akuluakulu onse athamangira pakhomopo ali ndi mantha, ansembe, apolisi, akazembe ankhondo: mlimi akafa, adzadyetsa dziko ndani? Amuletsa kufa popanda chilolezo, amukwapula, n'kumutenga. Asilikali obwera kudzamgwira avala zigoba kumaso, zonse nkhope imodzi, makutu aakulu, kukamwa kotseguka. Ana adachita mantha pang'ono, koma akuluakulu adazindikira msanga, pakuti chigoba choseketsa chonena zinthu zoopsa si chachilendo kwa ife. Anzathu a ku Angónia ndi ku Dedza ali ndi Simoni wa gule wamkulu, wa nkhope yofiira, amene amavina kunyogodola mzungu popanda kutulutsa liwu, anthu n'kumva zonse. Ndikaganiza za chigawo chimenechi ndimaona kuti Medvedkin adamvetsa chinthu chimene mabuku ambiri a chitukuko amachizungulira: kuti mlimi wamng'ono amafunidwa ndi aliyense, wogula, wokhometsa msonkho, wandale, koma amafunidwa ali wamoyo pang'ono chabe, wokwanira kudzalanso chaka chamawa.

Theka lachiwiri la filimuyi limavuta, ndipo sindifuna kulipaka mafuta. Zaka zapita, ufumu udagwa, mudzi wa Khmyr tsopano ndi kolkhoz, munda wa onse. Anna wasanduka katswiri woyendetsa thirakitala, wolandira mphotho. Filimu ikufuna tikhulupirire kuti chimwemwe chija chapezeka. Koma idajambulidwa patangopita chaka chimodzi kapena ziwiri chichitikireni njala ya 1932 ndi 1933, imene idapha anthu mamiliyoni ku Ukraine, ku Kazakhstan ndi m'madera ena, boma la Stalin litalanda mbewu za alimi ndi kuwaumiriza kulowa m'minda ya onse. Medvedkin adayenda m'midzi ya ku Ukraine mu 1932. Za njalayo filimu yake sinena kanthu, ndipo mlandu wonse imaukankhira kwa mwinichuma uja, wansembe ndi mbava. Medvedkin adakhulupirira chikomyunizimu mpaka imfa yake mu 1989. Kusalankhula kumeneku ine ndimakuwerengera ngati ngongole imene filimuyi sidabweze.

Komabe maso ake adali oona kuposa chikhulupiriro chake. Khmyr wa mu kolkhoz sali wokondwa. Ampatsa ntchito yotunga madzi, ailephera. Ampatsa mfuti kuti alondere nkhokwe ya gulu, ndipo iye ali chilili kuyang'ana kwina, mbava zilowa pansi pa nkhokweyo, ziinyamula, nkhokwe n'kumera miyendo, kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwake. Pakhonde paja anthu adakuwa onse pamodzi, "Cheuka! Cheuka iwe!" Mwana wina adaimirira n'kuloza pakompyuta ndi chala. Khmyr ndi munthu amene adamenyedwa nthawi yaitali moti ngakhale dziko litasintha, msana wake sudawongoke. Filimu yolamulidwa kutamanda mlimi watsopano idathera nthawi yake yambiri pa mlimi amene akulephera kukhala watsopano, ndipo imamuchitira chifundo. Pamapeto pake apulumutsa akavalo a gulu m'khola limene mwinichuma uja walitentha, apita ku tauni kukagula suti, koma nsanza zake zakale zikumuvuta kutaya. Wopanga mafilimu mnzake, Sergei Eisenstein, adaiyamikira filimuyi natchula dzina la katswiri wa nthabwala Chaplin poifotokoza, koma sidakhalitse m'nyumba za kanema. Idaiwalika mpaka Chris Marker wa ku France adaitulutsanso poyera mu 1971.

Titatseka kompyuta, atsibweni adakhala kaye chete, kenaka adati, "Mphwanga, munda wa onse tidaulimapo ife. Khasu limalemera ukamalima chimanga chimene sudziwa kuti adzadya ndani." Ankanena za zaka zotsatira ufulu wa 1975, pamene Frelimo, itasankha njira ya Marx ndi Lenin pamsonkhano wake waukulu wachitatu mu 1977, idalimbikitsa midzi ya pamodzi ndi minda ya anthu onse. Chaka chomwecho Mozambique idasaina pangano la ubwenzi ndi Soviet Union. Pofika msonkhano wachinayi mu 1983, chipanicho chidavomereza chokha kuti alimi a minda ya pabanja adanyalanyazidwa. Atsibweni sanena zaka zimenezo mwa chidani. Amakumbukiranso sukulu za akuluakulu, katemera, ndi kunyada koti dziko ndi lathu. Amangoti amene ankabwera kudzawaphunzitsa ankalankhula kwambiri, kumva pang'ono.

Pa nkhani ya kumva imeneyi ndi pamene Medvedkin amandiphunzitsa koposa. Asanapange Schastye, kuyambira mu January 1932, ankayendetsa sitima ya kanema: mabogi a sitima osandutsidwa malo otsukira filimu, odulira ndi kulumikiza zithunzi, oonetsera, ndi ogona antchito. Sitimayo ikaima pamgodi, pafakitale kapena pamudzi, ankajambula lero, mawa n'kuonetsa anthu omwewo. Ankajambula thirakitala yosiyidwa pamvula, mkulu wa ntchito waulesi, malo odyera auve, kawirikawiri mwanthabwala, ndipo filimu ikatha pankakhala mkangano wa zoyenera kukonza. Inali ntchito ya boma, ndipo m'dziko la Stalin kuonetsedwa pansalu ngati waulesi kukadatha kumuika munthu m'mavuto aakulu. Zimenezo siziyenera kuiwalika. Koma maganizo akuti anthu adzione okha, pamalo pawo, mawa lomwe, n'kukambirana, ndi amphamvu mpaka lero.

Dziko lathu lidayesapo zofanana. Ufulu utangobwera, anthu oposa 90 mwa 100 aliwonse asakudziwa kuwerenga, boma la Samora Machel lidakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema ku Maputo. Bungweli linkapanga Kuxa Kanema, nkhani za pakanema za mphindi khumi, ndipo magalimoto a kanema woyendayenda ankazitengera kumidzi, kumanga nsalu pabwalo ndi kuliza jenereta. Ruy Guerra adajambula Mueda, Memória e Massacre mu 1979, anthu a ku Mueda akusewera okha za kuphedwa kwa abale awo mu 1960. Kutsidya kwa Ruo anzathu adali ataona kale magalimoto otere nthawi ya atsamunda, pamene Central African Film Unit, yokhazikitsidwa mu 1948, inkatumiza mafilimu ku Nyasaland ndi ku ma Rhodesia, ambiri oyambirira opanda mawu, womasulira ataima pambali. Mwa iwo mudali Mulenga Goes to Town, ya mnyamata wa kumudzi wopusitsidwa m'tauni. Kusiyana kwa Mulenga ndi Khmyr n'kwakukulu. Mulenga adapangidwa kuti woonera aphunzire kukhala kumudzi ndi kumvera. Wopanga filimu adaima pamwamba, akuloza chala. Khmyr ndi wopusa, inde, koma filimu imationetsa bwino amene adamudyera zokolola.

Kwathu kuno kanema woyendayenda sadapatsidwe nthawi. Nkhondo ya pachiweniweni idatseka misewu, ndipo mu 1986 tauni ya Milange idagwa m'manja mwa Renamo. Mabanja athu adaoloka Ruo ndi mitolo pamutu, kukakhala m'misasa ndi kwa abale ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Nsanje, m'zaka zimene Malawi adasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Mu 1991 moto udawononga nyumba ya bungwe la kanema ku Maputo pamodzi ndi zipangizo zambiri. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 ndipo anthu atabwerera, nsalu ya pabwalo idali italowedwa m'malo ndi vidiyo sho. Ana obadwa pambuyo pake adziwa Rambo ndi Jackie Chan, koma sadaonepo agogo awo akuyenda pachithunzi.

Lero kamera ili m'thumba la mnyamata aliyense wa kabaza. Zimene Medvedkin ankafunira mabogi a sitima ndi gulu la antchito, foni imodzi ikuchita. Achinyamata athu akujambula timasewero n'kutumizirana pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo ena ali ndi luso lenileni. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti nthabwala zambiri zimakhala za kukuwa ndi kutukwanizana, ndipo wosekedwa amakhala yemwe uja wosekedwa kale, wachimidzi, wolumala, mayi wosadziwa Chipwitikizi. Komanso mawu amatigawa. Sewero la m'Chichewa wa ku Mocuba salimva bwino, la m'Chilomwe wa ku Tete limamudutsa, la m'Chipwitikizi anganga sangaliyambe n'komwe. Munthu woterereka ndi thumba la chimanga pamutu, kapena mlonda amene nkhokwe ikumuthawa, amamveka ku Majaua, ku Muloza ndi ku Moscow chimodzimodzi.

Nkhani zoti tijambule tili nazo zambiri. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo udagwa mwadzidzidzi, ndipo alimi a ku Zambézia ndi kummwera kwa Malawi, amene adalimbikitsidwa kudzala nandolo wambiri, adatsala ndi matumba osowa kopita. Ndimaiona filimu imeneyo m'maganizo mwanga, yopanda liwu ndi limodzi lomwe. Mlimi wamanga matumba panjinga mpaka mwini wake sakuoneka, akukankha chitunda, mkazi wake akukankhira kumbuyo. Afika pasikelo ya wogula yopachikidwa pamtengo, ndipo thumba likangokwera pasikelo likufota anthu akuona, pamene thumba la ndalama la wogulayo likufufuma. Apita kwa wachiwiri, sikelo yake ndi yomweyo. Aolokera kutsidya, apeza mlimi mnzake akuolokera kuno ndi matumba ake, onse awiri aima pakati pa madzi kuyang'anana. Osewera alipo kale pamsika, njinga ilipo, sikelo ingabwerekedwe. Ndipo tsiku loionetsa, nsalu itamangidwa pamtengo wa mango, ogula nandolo nawonso adzaitanidwe, apatsidwe benchi ya kutsogolo.